Ulosi wa nyengo ukaphonya: mafunso anu ochokera ku Dedza ndi Ntcheu

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: azanyengo amanena china, kumwamba n'kuchita china. Gulu lathu la odziwa zanyengo lasankhapo angapo.

Foni yanga inati Lachitatu kugwa mvula, ndiye ndinasiya kupopera mankhwala a chiwawu m'munda wa kachewere. Kunangoti ngwee tsiku lonse, pomwe alamu anga ku Linthipe akuti kwawo kunagwa chimvula chadzaoneni. Kodi makinawa amawerengadi kapena amangolota? (Mlimi wa kachewere, Bembeke)

Bambo, amawerengadi, koma munda wanu saudziwa. Manambala a pafoni salembedwa ndi munthu amene wayang'ana mitambo ya ku Bembeke. Amachokera ku pulogalamu yaikulu ya pakompyuta, imene akatswiri amaitcha model, yomwe imagawa mlengalenga wa dziko lonse m'timabokosi n'kumawerengera mmene mphepo, kutentha ndi chinyezi zisinthire m'kabokosi kalikonse. Model ya bungwe la ku Ulaya la ECMWF ili ndi timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, pomwe GFS ya ku America ndi ICON ya ku Germany ndi pafupifupi 13. Kabokosi ka makilomita 9 uku ndi uku ndi mahekitala 8,100, ndipo onsewo amapatsidwa nambala imodzi ya mvula.

Tsono mvula ya mabingu, yomwe ndiyo yambiri kuno m'dzinja, imachokera mu mtambo wa makilomita ochepa chabe m'lifupi, umene umakhuthula madzi theka la ola kapena ola limodzi n'kutha. Mtambo wotere model siitha kuujambula. Imangoona kuti mpweya wa dera lino lero uli ndi chinyezi ndi kutentha kokwanira kubala mitambo, kenaka n'kuimwaza mvulayo pang'onopang'ono paliponse. N'chifukwa chake ma model amenewa amadziwika ndi zizolowezi zitatu m'maiko otentha ngati lathu: amalosera kamvula kowaza masiku ochuluka kuposa amene imagwadi, amachepetsa chimvula champhamvu, ndiponso kawirikawiri amaigwetsa msanga, cha kumasana, pomwe yeniyeni imabwera dzuwa litapendeka.

Oyesa ulosi amalidziwa bwino dandaulo lanuli. Model ikalondola tsiku, n'kulondola kukula kwa mvula, koma n'kuiika makilomita 20 pambali, pa kawerengedwe wamba imalangidwa kawiri: kwanu yanama, kwa alamu anu yaphonya. Pothana ndi zimenezi, amayesanso mofunsa kuti kodi mvula yagwa penapake m'dera la makilomita 25 kapena 50 kuzungulira malowo? Pa muyeso umenewu foni yanu inakhoza. Ife tikuti muziwerenga chithunzi cha kamtambo cha pafoni ngati chikunena za chigawo chonse cha mapiri a Dedza. Za kupoperazo, m'mawa mame akangouma ndiyo nthawi imene mabingu sakonda kubwera, ndipo pa botolo kapena paketi pamalembedwa maola amene mankhwalawo amafuna kuti agwire mvula isanawatsuke.

Ndikufuna kuti ana a kalabu ya jogalafe ayese okha ngati ulosi wa pawailesi ndi wa pafoni uli wodalirika kuno. Tiyambire pati? (Mphunzitsi wa sekondale, Lizulu)

Aphunzitsi, yambirani pa choyezera mvula, chifukwa ulosi suyesedwa ndi zimene anthu akukumbukira. Munthu amakumbukira tsiku limene ananyowa, masiku khumi amene ulosi unakhoza n'kuwaiwala.

Choyezera cha azanyengo chili ndi kamwa la mamilimita 127 m'mimba mwake, ndipo chimaikidwa kuti kamwalo likhale masentimita 30 kuchokera pansi. Ngati mulibe, pezani chitini chowongoka, chofanana kukula pamwamba ndi pansi. Ndowa siyenera chifukwa imakula kukamwa, ndiye rula ikupatsani nambala yonenepa. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi uku ndi uku. M'chitini cha masentimita 10 m'mimba mwake, milimita imodzi ndi mamililita 7.85, choncho pa mvula yochepa kokani madziwo ndi sirinji, muwerenge mamililita, mugawe ndi 7.85. Chitinicho chikhale chosapendekeka, chomangirira kuti mphepo kapena mbuzi zisachigwetse, ndipo chitalikirane ndi mtengo kapena buloko ya sukulu kosachepera kawiri msinkhu wa chinthucho. Kukhala kanayi ndiye bwino koposa.

Werengani 8 koloko m'mawa tsiku lililonse, la Mulungu ndi latchuthi lomwe, ndipo madzi amene mwapeza muwalembe pa tsiku ladzulo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezera. Mapulogalamu ambiri a pafoni amawerenga tsiku kuyambira 12 koloko usiku, ndiye mvula ya 3 koloko m'bandakucha wa Lachinayi foni imaiika pa Lachinayi, pomwe kaundula wanu waiika pa Lachitatu. Ngati pulogalamuyo ikuonetsa ola ndi ola, phatikizani maola a 8 mpaka 8. Mukaona nthawi yolembedwa UTC, onjezani maola awiri kuti ikhale yathu.

Ulosi ulembedwe zinthu zisanachitike, pa ola limodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa manambala a pafoni amasinthasintha: GFS yokha imawerengedwanso kanayi patsiku. Gwirizananinso pasadakhale tanthauzo la "yagwa". Ife tingasankhe milimita imodzi kapena kuposa. Ulosi wa mawa ukhale ndi tsamba lake, wa masiku atatu lake, wa asanu lakenso, osawasakaniza.

Tsiku lililonse ligwera m'gulu limodzi mwa anayi: ananena kuti igwa ndipo yagwa, ananena kuti igwa koma sinagwe, sananene koma yagwa, sananene ndipo sinagwe. Tiyerekeze kuti pa masiku 90 a Disembala mpaka Febuluwale mwapeza 38, 25, 7 ndi 20 motsatana. Mvula ndiye kuti inagwa masiku 45, ndipo ulosi unagwirapo 38, omwe ndi 84 pa 100 aliwonse. Zokomatu. Koma unanena za mvula masiku 63, ndipo 25 mwa amenewa kunalibe, kutanthauza kuti machenjezo 40 pa 100 aliwonse anali opanda kanthu. Gawaninso 63 ndi 45, mupeza 1.4, ndipo nambala imeneyi ikaposa 1 ndiye kuti ulosiwo uli ndi chizolowezi chochulutsa masiku a mvula. Manambala atatuwa aziyenda limodzi, poti aliyense wotchula loyamba lokha akhoza kukhoza 100 pa 100 pongonena kuti "igwa" tsiku lililonse.

Bwerezani kuwerengaku pa mvula ya mamilimita 25 kupita m'mwamba. Kumeneko ndi kumene ma model amavutikira, ndiponso ndi kumene mlimi amafunira thandizo, koma masiku otere ndi ochepa moti dzinja limodzi silingakwane kugamula mlandu.

Ndinamva wina akudzitama kuti ulosi wake umalondola masiku 9 mwa 10 aliwonse. Si umboni wokwanira umenewo? (Wophunzira, Ntcheu boma)

Ayi. Khalani ku Bwanje mu Ogasiti n'kumalengeza m'mawa uliwonse kuti lero mvula kulibe, mumuposa mnzanuyo popanda kompyuta.

Msampha umenewu ndi wakale. Mu 1884, John Finley wa ku America anafalitsa zotsatira za ulosi wake wa akamvulumvulu oopsa a kumeneko. Pa maulendo 2,803 analondola 96.6 pa 100 aliwonse. Anzake atawerenga anapeza kuti akadangonena kuti "kulibe" ulendo uliwonse, akadalondola 98.2. Chinthu chikakhala chosowa, nambala ya kulondola imadzaza ndi masiku amene palibe chinachitika.

Choncho ulosi umapikisanitsidwa ndi anthu awiri aulesi. Woyamba amati mawa kukhala ngati lero. Wachiwiri amangotchula zimene zimachitika nthawi ngati ino zaka zambiri, ndipo zaka zimene azanyengo akugwiritsa ntchito panopa ndi 1991 mpaka 2020. Model imene singapose awiriwa ilibe phindu, ngakhale itakhala ndi zithunzi zokongola bwanji. Pa kayendedwe ka mphepo zikuluzikulu ma model amawaposa kutali, ndipo akhala akupita patsogolo ndi tsiku limodzi pa zaka khumi zilizonse, moti ulosi wa masiku asanu wa lero ukufanana mphamvu ndi wa masiku anayi wa zaka khumi zapitazo. Pa mvula ya malo amodzi muno mu Africa mpikisano ndi wothina kwambiri, mwa zina chifukwa malo oyezera nyengo ndi otalikirana ndipo mabaluni oyeza mpweya wa m'mwamba amaulutsidwa m'malo owerengeka.

Akati mwayi wa mvula ndi 60 pa 100, ndiyanike mphale kapena ayi? Ikapanda kugwa ndiye kuti anama? (Mayi wa ku Njolomole)

Mayi, tsiku limodzi silingawagwire bodza. Sonkhanitsani masiku onse amene ananena 60. Ngati ndi masiku 20, mvula iyenera kugwa pa masiku pafupifupi 12. Ikagwa pa 5 okha, ulosiwo ndi wokokomeza, ndipo ikagwa pa onse 20 walakwabe, chifukwa unayenera kunena nambala yokulirapo.

Nambalayi imachokera apa: palibe amene amadziwa ndendende mmene mpweya ulili pa nthawi yoyambira kuwerenga, ndipo katswiri wa zanyengo Edward Lorenz anaonetsa mu 1963 kuti kusiyana kwakung'ono poyambira kumakula mpaka kusokoneza zonse. N'chifukwa chake ulosi wa tsiku ndi tsiku sungapitirire masabata awiri uli ndi mphamvu. Pozindikira zimenezi, a ECMWF amaiyendetsa model yawo maulendo 51, onse kupatula umodzi atasintha pang'ono poyambira. Maulendo 30 akaonetsa mvula kwanuko, ndiye pafupifupi 60 pa 100 uja.

Kwa okonda masamu, pali muyeso umene katswiri wa zanyengo Glenn Brier anaufalitsa mu 1950. Mvula ikagwa lembani 1, ikapanda lembani 0, chotsani pa mwayi umene unanenedwa, ndipo yankho mulichulukitse ndi lokha. Pa 0.6, ikagwa chilango ndi 0.16, ikapanda ndi 0.36. Phatikizani masiku onse n'kugawa ndi chiwerengero chake. Nambala yochepa ndiyo yabwino, ndipo wongonena theka ndi theka tsiku lililonse amapeza 0.25.

Za mphaleyo, pa 60 ife sitingayanike n'kupita kumsika ku Lizulu. Kuyanika muli pakhomo, mphasa zili pafupi ndi khonde, n'kotheka ndithu.

Mu Juni foni imati usiku kuzizira kufika madigiri 11, koma kudimba chisanu chimawaula nyemba ndi tomato. Zikutheka bwanji? (Mlimi wa kudimba, Tsangano)

Zifukwa ndi ziwiri, bambo. Choyamba, model imasalaza mapiri. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, phiri la Dedza limafika 2,198, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, zomwe aliyense wotsika msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti amazimva pakhungu, akuvula juzi panjira. Kabokosi kakaphatikiza chitunda ndi chigwa kamatenga msinkhu wapakati, ndiye okhala pamwamba amapatsidwa nambala yofundirapo. Chachiwiri, nambala ya pafoni ndi ya mpweya wa mamita awiri kuchokera pansi. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, masamba ndi udzu zimazizira kuposa mpweyawo ndi madigiri angapo, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka n'kukadikha kudambo kumene kuli dimba lanu.

Ubwino wake, cholakwa chotere chimabwerezabwereza, choncho chimakonzeka. Ikani choyezera kutentha (thermometer) pamthunzi kudimbako, muziwerenga dzuwa lisanatuluke. Tinene kuti foni inati 11, 12, 10, 11, 12, inu mwapeza 7, 9, 5, 8, 8. Kusiyana kwake ndi 4, 3, 5, 3, 4, pakatikati 3.8. Mukachita masiku 30, mudziwa nambala yoti muzichotsa. Musiyanitse usiku wa mitambo ya chiperoni ndi usiku wa nyenyezi, poti kusiyanako kumakula kumwamba kukayera. Chenjeraninso ndi kaphatikizidwe: ulosi wopyola ndi madigiri 3 lero n'kuperewera ndi 3 mawa umaoneka ngati sunalakwe mukawaphatikiza. Werengani kawiri, koyamba mosunga mbali imene walakwira, kachiwiri mongoona kukula kwa cholakwacho.

Ife timadalira machenjezo a mwera ndi mpoto. Nthawi zina tigona kumtunda n'kupeza nyanja inali bata usiku wonse. Nanga ma model a nyanja amene timamvawa amayesedwa bwanji, ndipo nyanja yathuyi ilimo? (Mwini chilimira, Mtakataka)

Bambo, ma model a nyanja amene mumamvawo, monga a Mercator Ocean ku Toulouse m'dziko la France, ndi a nyanja zamchere. Amalosera kutentha kwa madzi, mchere ndi kayendedwe kake, ndipo amayesedwa ndi zida zoyandama zotchedwa Argo, zomwe zilipo pafupifupi 4,000. Chilichonse chimamira mpaka mamita 2,000, n'kumayeza kutentha ndi mchere pokwera, kenaka n'kutumiza manambala kudzera pa satelayiti masiku 10 aliwonse. Masatelayiti ena amayeza msinkhu wa madzi ndi kutalika kwa mafunde. Lamulo lake n'lakuti ulosi uyerekezedwe ndi muyeso umene model inali isanauone. Ikayesedwa ndi chithunzi chimene inathandiza kupanga yokha, ili ngati mwana wodzichongera yekha mayeso.

Ntchito imeneyi imatikhudza ngakhale tili kumtunda. Namondwe amafuna madzi ofunda madigiri 26 kapena 27, ndiye model ikalakwitsa kutentha kwa madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ilakwitsanso mphamvu zake. Njira ya namondwe imayesedwa m'makilomita: pamene ananena kuti adzakhala pakatha maola 24, 72 kapena 120, ndi pamene anapezekadi malinga ndi ofesi ya Météo-France ya pa chilumba cha La Réunion, yomwe imayang'anira anamondwe a dera lino. Njira imaloseredwa bwino kuposa mphamvu, ndipo mphamvu bwino kuposa kuchuluka kwa mvula pa phiri limodzi. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anadziwikiratu kuti akubwera, koma chimene chinapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakummwera ndi madzi ndi matope otsika m'mapiri.

Pa nyanja yathu, chachikulu ndi ulosi wa mphepo. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550 koma yopapatiza, yokhala m'chigwa pakati pa mapiri, ndiye mphepo imathamanga motsata chigwacho, ndipo model ya timabokosi tikulutikulu imatha kuichepetsa. Mafunde amakula malinga ndi mtunda umene mphepo yayenda pamadzi, choncho chenjezo limodzi la nyanja yonse silingafanane paliponse: mwera umakulitsa mafunde pamene ukupita kumpoto, pomwe mpoto ndiwo umafika kwanuko utayenda ulendo wautali. Nambala ya mafunde ikanenedwa, ndi pakatikati pa mafunde akuluakulu okhaokha, limodzi mwa atatu aliwonse, ndipo funde lina lapadera likhoza kufika pafupifupi kawiri pamenepo.

Siginala wanu, mtsogoleri wa alovi panyanja, akhoza kusunga kaundula popanda chida. Thovu loyera likamaoneka apo ndi apo pa mafunde, mphepo ili pa makilomita 12 mpaka 19 pa ola. Likachuluka ndi 20 mpaka 28, ndipo likakhala paliponse yapyola 29. Alembe ola, kumene mphepo ikuchokera, ndi zimene wailesi inanena. Pa chigamulo chake ife tili kumbali ya ochenjeza. Chenjezo lopanda kanthu limakudyerani usipa wa usiku umodzi, pomwe mphepo yosachenjezedwa imatenga boti ndi alovi, choncho ulosi wa panyanja umayenera kupendekera ku kuchenjeza. Mphepo ya mwadzidzidzi yotsogola mvula ya mabingu yokha ndiyo musaiyembekezere pa wailesi, imeneyo ndi ya maso a siginala.

Mapulogalamu awiri a pafoni akagwirizana, ndiye kuti n'zoona? (Wa kabaza, Dedza boma)

Osati nthawi zonse, achimwene. Ambiri amatunga pa chitsime chimodzi, ndiye ndi mboni imodzi yovala malaya awiri. Pa pulogalamu ya Windy mukhoza kusankha ECMWF, GFS ndi ICON payokhapayokha. Zitatuzi zikagwirizana, limbani mtima. Zikasiyana, tsatani za Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, kumene anthu amaona ma model angapo pamodzi ndi zimene malo oyezera a m'dziko muno atumiza.

Chaka china anatiuza kuti mvula ikhala yokwanira, koma ng'amba ya mu Febuluwale inapsereza chimanga chikumasula. Ulosi wa dzinja lonse umayesedwa bwanji? (Nyakwawa ya ku Sharpevale)

Zikomo mfumu. Ulosi wa dzinja, umene akatswiri a maiko a SADC amayamba kuukambirana pa msonkhano wa SARCOF mvula isanayambe, umanena za madzi onse a miyezi itatu pamodzi, monga Januwale mpaka Malichi. Amatenga zaka 30, n'kuzigawa patatu: 10 zouma, 10 zapakati, 10 zamvula yambiri. Popanda ulosi gawo lililonse lili ndi mwayi wa 33 pa 100. Ulosi umangosuntha manambalawa, mwina kufika 40, 35 ndi 25, ndipo gawo la 25 likachitika sikuti anama, chifukwa liyenera kuchitika chaka chimodzi mwa zinayi zotere. Poti ulosiwu umabwera kamodzi pachaka, oyesa amaibweza model m'mbuyo zaka 20 kapena 30, kuiuza zokhazo zimene zinkadziwika nthawi imeneyo, n'kuona ngati ikadakhoza. Imachita bwino zaka zimene El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific, ali wamphamvu, monga 2015/16 ndi 2023/24, pomwe mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Zaka zimene nyanja ya Pacific ili chete, mphamvu zake zimachepa.

Dandaulo lanu ndi lomveka, chifukwa mamilimita 500 ogwa bwinobwino ndi 500 ogwa pa masiku khumi kenaka dzuwa la masabata atatu, pa muyeso uja ndi chimodzimodzi, koma m'nkhokwe ayi. Ndiye m'mudzi mwanumo, pambali pa madzi onse, lembani zinthu zitatu: tsiku limene mvula yobzalira inayamba, osati chizimalupsa, masiku otsatizana ochuluka kwambiri amene kunalibe mvula mu Januwale ndi Febuluwale, ndi tsiku la mvula yomaliza. Alangizi akabwera ndi ulosi wa boma lanu, afunseni zimene ukunena pa zitatuzi, mulembe m'buku lomwelo tsamba loyang'anana, ndipo mu Epulo muwaitane mudzawerengere limodzi.